Funso la mu 1912: cheza cha gamma, maenje akuda ndi thambo lathu la kuno kummwera

 Lero za mayeso ndi za malipiro tiziike kaye pambali. Ndikufuna tikambirane mbiri ya funso limodzi la sayansi. Funsoli linafunsidwa mu 1912, ndipo mbali ina ya yankho lake inapezeka mu 2024 ku Namibia, dziko la m'chigawo chathu chomwe chino.

Inu amene tinkachita limodzi Physical Science mu Folomu 4 mukukumbukira mitundu itatu ya cheza chotuluka m'maatomu: alpha, beta ndi gamma. Tinkaloweza kuti alpha amatchingika ndi pepala, beta ndi kachitsulo kopyapyala ka aluminiyamu, pamene gamma amafuna mtovu wochindikala. Buku limathera pamenepo. Komatu cheza cha gamma ndi kuwala ndithu, m'bale wake wa kuwala kwa dzuwa ndi kwa X-ray wa kuchipatala, kungoti kambewu kake kalikonse kamasenza mphamvu zochuluka zedi. Cha m'maatomu chija mphamvu zake zimaposa za kuwala kumene maso athu amaona kuwirikiza pafupifupi ka miliyoni. Chimene ndikukamba lero chimaposa cha m'maatomucho kuwirikizanso ka miliyoni. Palibe nyenyezi imene ingatenthe mpaka kutulutsa kuwala kotere. Kumatuluka pokhapokha tizidutswa ta maatomu titathamangitsidwa mpaka kutsala pang'onong'ono kufika pa liwiro la kuwala. Ndiye amatithamangitsa ndani, ndipo kuti?

Munthu wa m'chibaluni

Kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1900 asayansi ankadabwa ndi kachipangizo kaja timakatcha gold leaf electroscope. Ukakapatsa magetsi n'kukasiya, magetsiwo amatha okha ngakhale ukatsekere bwanji. Ambiri ankati ndi cheza chochokera m'miyala ndi m'nthaka. Ngati zili choncho, ndiye kuti ukakwera m'mwamba chezacho chiyenera kuchepa. Victor Hess wa ku Austria anaganiza zokaona yekha. Pa 7 Ogasiti 1912, kutatsala zaka zosakwana zitatu kuti John Chilembwe aukire atsamunda, iye anakwera m'chibaluni mpaka mamita pafupifupi 5,300. Yerekezani ndi Sapitwa wathu pa Mulanje amene ali pa mamita 3,002. Kumwambako chezacho chinachuluka m'malo mochepa. Hess anati chikuchokera kunja kwa dziko, ndipo mu 1936 analandira mphoto ya Nobel.

M'zaka zotsatira Jacob Clay wa ku Netherlands, poyenda pa sitima ya pamadzi pakati pa Ulaya ndi Java mu 1927, anapeza kuti chezachi chimachepa ukamayandikira pakati pa dziko. Arthur Compton anatsimikiza zimenezi mu 1932. Tanthauzo lake n'lakuti chezachi chimakhotetsedwa ndi maginito a dziko lapansi, choncho si kuwala koma tizidutswa tokhala ndi magetsi, makamaka mapulotoni. Tikamenya mpweya kumwamba timaswa maatomu, zidutswazo n'kugwa pansi ngati mvula yosaoneka. Tambasulani dzanja lanu. Pafupifupi sekondi iliyonse kachidutswa kamodzi kotchedwa muon kamadutsa pachikhathocho. Mayi amene akuthyola tiyi ku Satemwa kapena ku Makandi mvula imeneyi imamugwera tsiku lonse, inu ndi ine chimodzimodzi, ndipo inkagwera makolo athu tiyi asanabwere.

Vuto linali lakuti kachidutswa ka magetsi sikayenda mowongoka. Mlalang'amba wathu uli ndi maginito ake amene amakapotoza kwa zaka mamiliyoni. Kali ngati mlendo amene wazungulira njira zambirimbiri: mbali imene watulukira polowa m'mudzi sikuuza kwawo. Koma cheza cha gamma chilibe magetsi, chimayenda mowongoka. Ndipo pamene pali tizidutswa tothamanga kwambiri, cheza cha gamma chimabadwa pomwepo. Ukachigwira n'kuona kumene chachokera, waloza pamene pali ng'anjo.

Kamzere ka Curtis

Mbali yachiwiri ya mbiriyi inayamba payokha. Mu 1918, chaka chimene nkhondo yoyamba ya dziko lonse inatha, Heber Curtis wa ku Lick Observatory ku California anajambula chinthu chowala chotchedwa M87. Pachithunzipo anaona kamzere kowongoka kotuluka pakati pake. Panthawiyo panalibe wodziwa kuti n'chiyani. Ngakhale zakuti M87 ndi mlalang'amba wina wapaokha, kutali ndi wathu ulendo wa kuwala wa zaka pafupifupi 55 miliyoni, zinali zisanadziwike.

Mu 1949 John Bolton, Gordon Stanley ndi Bruce Slee a ku Australia anapeza kuti mafunde amphamvu a wailesi akuchokera ku M87 yemweyo komanso ku mlalang'amba wina wa kuno kummwera umene timautcha Centaurus A. Mu 1963, chaka chimene Dr Banda anakhala nduna yaikulu ya Nyasaland, Maarten Schmidt anayeza mtunda wa kadontho kooneka ngati nyenyezi kotchedwa 3C 273, n'kupeza kuti kali kutali ulendo wa kuwala wa zaka zoposa 2 biliyoni ndipo kamawala kuposa mlalang'amba wathu wonse. Nakonso kali ndi kamzere kake. Mu 1964, chaka cha ufulu wathu, Edwin Salpeter ku America ndi Yakov Zel'dovich ku Soviet Union, aliyense payekha, anati mphamvu zotere zingachokere ku mpweya umene ukugwera m'chinthu cholemera koopsa. Chinthucho lero amachitcha black hole. Ife tinene kuti dzenje lakuda.

Dzenje lakuda ndi malo amene zinthu zaunjikana mothinana kwambiri mpaka mphamvu yokoka siilola ngakhale kuwala kutulukamo. Mwina mufunsa kuti nanga chinthu chomeza zonse chingalavule bwanji kanthu? Yankho n'lakuti zotulukazo sizichokera m'kati mwa dzenje. Mpweya ukamagwa sumagwa mowongoka, umazungulira dzenjelo ngati madzi m'beseni yobooka, n'kupanga chimbale chotentha kwambiri. Chimbalecho chili ndi maginito, ndipo kuzungulirako kumapota mizere ya maginitoyo ngati chingwe cha khonje. Mu 1977 Roger Blandford ndi Roman Znajek anaonetsa ndi masamu kuti mizere yopotekayi ingathe kutapa mphamvu ku kuzungulira kwa dzenje lenilenilo. Mpweya wina, m'malo momezedwa, umathawira m'mizeremo n'kuthovoka mbali ziwiri, kumwamba ndi kunsi kwa chimbale, ngati madzi a mupaipi utatseka kukamwa kwake ndi chala. Zothovokazo amazitcha majeti. Kamzere ka Curtis kaja ndi jeti, ndipo kutalika kwake ndi ulendo wa kuwala wa zaka pafupifupi 5,000. Pa 10 Epulo 2019 asayansi anaonetsa dziko chithunzi choyamba cha mthunzi wa dzenje la M87, lolemera ngati madzuwa 6.5 biliyoni.

Nanga jeti imathamangitsa bwanji tizidutswa? Ganizo loyamba linachokera kwa Enrico Fermi mu 1949, ndipo ena analikonza cha m'ma 1977 ndi 1978. Taganizani mpira wachikulunga uli pakati pa malole awiri a tiyi amene akuyandikirana. Ukagunda iyi ubwerera ndi liwiro lowonjezereka, ukagunda inayo liwonjezerekanso. Kuthambo malolewo ndi maginito a mbali ziwiri za malo amene mpweya wothamanga wawombana ndi woyenda pang'onopang'ono. Malo otere mumawaona tsiku lililonse. Tsegulani mpopi pa mbale yafulati: madzi amathamanga mopyapyala, kenako pa kamzere kozungulira amadumpha mwadzidzidzi n'kuyamba kuyenda modekha. Kachidutswa kakamawoloka mzere wotere kuthambo, kupita n'kubwerera kambirimbiri, mphamvu zake zimakwera mpaka kuposa zimene makina aakulu a ku CERN ku Geneva, otalika makilomita 27 kuzungulira, angakwanitse.

Zonsezi zinali masamu a papepala. Umboni unafunika.

Pansi pa mgodi wa ku Boksburg

Chigawo chathu chinalowa m'mbiriyi kudzera pansi pa nthaka. Tizidutswa ta Hess tikamenya mpweya timabalanso kachinthu kena kotchedwa neutrino, kopanda magetsi, kamene kamadutsa dziko lonse ngati palibe kanthu. Kuti ukagwire uyenera kubisala pansi kwambiri kumene mvula ya ma muon ija siifika yambiri. Frederick Reines wa ku America ndi Friedel Sellschop wa ku yunivesite ya Witwatersrand anaika zipangizo zawo mamita pafupifupi 3,200 pansi, mumgodi wa golide wa East Rand Proprietary Mines ku Boksburg. Pa 23 Febuluwale 1965 anagwira neutrino wachilengedwe, pa nthawi imodzimodzi ndi gulu lina la ku mgodi wa Kolar ku India.

Mabuku amatchula Reines ndi Sellschop. Koma kuya kumene iwo ankafuna anakumba ndi anthu akuda a m'chigawo chino, ndi thukuta lawo, m'kutentha kwa pansi pa miyala. Zimenezo n'zaka zimene Wenela inkatenga amuna kuno kupita nawo ku Joni, ndipo kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1970 Amalawi a m'migodi ya ku South Africa anaposa 100,000. Poyamba penipeni, mbali yathu anthu akuda pa sayansi imeneyi inali ya fosholo ndi jekihama. Musaiwale zimenezi, ndibwereranso kwa neutrino.

Kuchoka mumgolo wa zinyalala kufika ku Namibia

Cheza cha gamma sichifika pansi, mpweya umatitchinjiriza. Koma chikamenya mpweya, makilomita pafupifupi 10 m'mwamba, chimabala tizidutswa zikwizikwi tothamanga kuposa mmene kuwala kumathamangira mumpweya. Tizidutswato timatulutsa kung'anima kwa buluu, kotchedwa ndi dzina la Pavel Cherenkov wa ku Russia amene anakuona m'madzi mu 1934. Kung'animako kumatha pa kagawo kakang'ono ka sekondi imene yagawidwa ka mamiliyoni mazanamazana. Diso silingakuone.

Oyamba kukugwira mumpweya anali William Galbraith ndi John Jelley ku Harwell ku England, ndipo analengeza mu 1953. Chipangizo chawo chinali galasi lobulungira laling'ono ndi kachubu komva kuwala, zoikidwa mumgolo wa zinyalala. Aphunzitsi anzanga amene timadandaula kuti labu yathu ndi yosauka, mgolo umenewo muziukumbukira. Komabe panatenga zaka 36 kuti njirayi ibale chipatso. Mu 1989 gulu la Trevor Weekes ku Whipple Observatory ku Arizona linatsimikiza gwero loyamba, zotsalira za nyenyezi yophulika zotchedwa Crab Nebula. Mu 1992 linapeza loyamba la kunja kwa mlalang'amba wathu, Markarian 421, amene jeti yake inalunjika kwa ife. Kuona maso a nkhono n'kudekha. M'zaka za m'ma 1980 zomwezo asayansi a ku Potchefstroom ku South Africa anali atayamba kale kusaka chezachi ndi makina awoawo.

Makina otere amafuna usiku wamdima wopanda mwezi, mpweya wouma ndi malo okwera. Kuno kwathu kukwera tili nako, koma chiperoni chimene chimasangalatsa tiyi chikanawasowetsa mtendere. Anasankha mapiri a Khomas ku Namibia, pafupi ndi phiri la Gamsberg, makilomita pafupifupi 100 kuchokera ku Windhoek, pa mamita 1,800. Chifukwa china n'chakuti pakati pa Mlalang'amba wathu pamadutsa pamutu pa ife a kummwera, pamene a ku Ulaya amapaonera m'munsi. Makinawo anawatcha H.E.S.S. polemekeza munthu wa m'chibaluni uja. Telesikopu yoyamba inayamba ntchito mu 2002, zinayi za mamita 12 zinakwanira mu Disembala 2003, ndipo mu 2012 anawonjezera yaikulu ya mamita 28 pakati pawo. Telesikopu iliyonse imajambula kung'anima komweko kuchokera mbali yake, ndipo kompyuta imalumikiza zithunzizo n'kuloza kumene chezacho chachokera. Mutu umodzi susenza denga: ntchitoyi ndi ya mayiko oposa 10, ndipo m'gululo muli University of Namibia, North-West University ndi Wits.

Zinthu zitatu zimene Namibia inaona

Choyamba chinachitika pa 28 Julayi 2006. Mlalang'amba wotchedwa PKS 2155-304, umene uli kutali ulendo wa kuwala wa zaka pafupifupi 1.5 biliyoni, unawala modzidzimutsa, ndipo kuwalako kunkakwera n'kutsika pa mphindi zochepa chabe. Apa pali masamu amene wa Folomu 3 angawamve. Chinthu sichingasinthe chonse mofulumira kuposa nthawi imene kuwala kumatenga kuchidutsa. Kuwala kwa dzuwa kumatenga mphindi 8 kufika kuno. Ndiye kuti malo otulutsa chezacho ankaoneka ang'ono kuposa mtunda wa pakati pa ife ndi dzuwa, ang'ono kuposa dzenje lenilenilo. Zimenezi zimamveka ngati jetiyo ikubwera molunjika kwa ife pa liwiro loyandikira kwambiri la kuwala, moti zochitika za nthawi yaitali zimatifika zitapanikizika.

Chachiwiri ndi Centaurus A uja. Ali pa ulendo wa kuwala wa zaka pafupifupi 12 miliyoni, ndipo dzenje lake limalemera ngati madzuwa pafupifupi 55 miliyoni. H.E.S.S. inalengeza kuti yagwira cheza chake mu 2009. Mu 2020 inaonetsa kuti chezacho sichichokera pafupi ndi dzenje pokha, koma chinatambalala motsatira jeti kwa ulendo wa kuwala wa zaka zikwi. Elekitironi yamphamvu chotere imatopa msanga, siingayende mtunda wonsewo isanathe mphamvu. Choncho jetiyo imathamangitsa tizidutswa m'njira monse.

Chachitatu chili m'Mlalang'amba wathu womwewu. SS 433 ndi nyenyezi ziwiri zozungulirana, pa ulendo wa kuwala wa zaka pafupifupi 18,000. Imodzi inafa kale, ndipo asayansi ambiri amati ndi dzenje lakuda laling'ono limene likuyamwa mpweya wa inzake. Limatulutsa majeti awiri othamanga makilomita pafupifupi 78,000 pa sekondi, ndipo amapendekeka ngati nguli, kuzungulira kamodzi pa masiku 162. Chodabwitsa n'chakuti majetiwo amazimirira, kenako n'kuonekanso mwadzidzidzi pa ulendo wa kuwala wa zaka pafupifupi 75 mbali zonse ziwiri. Makina a HAWC ku Mexico anagwira cheza cha gamma kumeneko mu 2018. H.E.S.S. itayang'ana kwa maola oposa 200, inalengeza mu Januwale 2024 m'magazini ya Science kuti cheza champhamvu kwambiri chikuchokera pamene majetiwo akuonekeranso, pamene chochepako mphamvu chikuchokera kutsogolo. Chezachi chimabadwa elekitironi yothamanga ikagunda kambewu ka kuwala wamba n'kukakankha, monga lole imachitira ndi kamwala. Maelekitironi amphamvu kwambiri amatopa pafupi, ngati wothamanga mamita 100, pamene ofookerako amafika patali. Potsatira mzere umenewu chammbuyo, asayansi analoza malo enieni amene tizidutswa timalandirira mphamvu. Ndi mzere uja wa madzi a pa mbale. Zimene Fermi ndi anzake analemba papepala zinaoneka kuthambo.

Tibwerere kwa neutrino. Umboni wa ku SS 433 ukukamba za maelekitironi, pamene mvula ya Hess yambiri ndi mapulotoni. Pulotoni yothamanga ikawombana ndi kanthu imabala neutrino, elekitironi ayi. Pa 22 Sepitembala 2017 makina a IceCube, okwiriridwa m'madzi oundana ku South Pole, anagwira neutrino mmodzi wamphamvu zedi. Matelesikopu atayang'ana kumene anachokera anapeza TXS 0506+056, mlalang'amba wa jeti yolunjika kwa ife, ukuwala kwambiri ndi cheza cha gamma pa nthawi yomweyo. Ichi chinali chizindikiro choyamba chakuti majeti amathamangitsanso mapulotoni. IceCube ndi mdzukulu wa zipangizo za mumgodi wa ku Boksburg. Ntchito yowerengera kuti majeti amapereka gawo lalikulu bwanji la mvula ya Hess, poyerekeza ndi nyenyezi zophulika, ikupitirira.

Nanga ife a ku Malawi?

Apa ndi pamene mtima wanga uli. Makina aakulu olowa m'malo mwa H.E.S.S. amatchedwa Cherenkov Telescope Array. Namibia inapikisana nawo kuti amangidwe kwawo, koma mu 2015 anasankha Chile. South Africa inatsegula MeerKAT, madishi 64 omvera mafunde a wailesi ochokera kuthambo, mu 2018 ku Karoo, ndipo ndi chiyambi cha makina aakulu otchedwa Square Kilometre Array. Mayiko a mu Africa ogwirizana ndi South Africa pa ntchitoyi ndi asanu ndi atatu: Botswana, Ghana, Kenya, Madagascar, Mauritius, Mozambique, Namibia ndi Zambia. Werengani bwino. Anansi athu a Zambia ndi Mozambique alimo, ife mulibe. Mu Ogasiti 2024 msonkhano waukulu wa akatswiri a zakuthambo a dziko lonse unachitikira ku Cape Town, koyamba mu Africa.

Mu 1965 anthu akuda a chigawo chino anali okumba. Lero ku Windhoek ndi ku Potchefstroom kuli ana a mu Africa amene akulemba okha madigiri apamwamba pa cheza cha gamma. Kusiyana kwa okumba ndi olemba kunayambira m'kalasi, pa masamu ndi Physics. Mwana wa pa esiteti amene amawerengera bwino makilogalamu a tiyi wa mayi ake kusikelo ali ndi mutu womwe ukufunika pa ntchito imeneyi. Zambiri zimene makinawa amagwira amaziwerengera pa kompyuta, ndipo kompyuta siifunsa kuti kwanu n'kuti.

Ine pempho langa ndi laling'ono. Aphunzitsi anzanga, mukafika pa alpha, beta ndi gamma, onjezerani mphindi 10 zonena za Hess, za mgolo wa zinyalala ndi za Namibia. Ndipo kumapeto kwa Meyi, usiku wopanda mwezi ndi chiperoni, cha m'ma 9 koloko, tulutsani ana panja. Yang'anani kummwera mupeze Mtanda wa Kummwera. Pamwamba pake chakum'mawa pang'ono pali kachifunga kooneka ndi maso, gulu la nyenyezi lotchedwa Omega Centauri. Kwezani maso pang'ono, kutalika kwa zala zitatu dzanja litatambasulidwa, ndipo amene ali ndi mabainokyula aona kadontho kotuwa. Ameneyo ndi Centaurus A. Kuno ku Thyolo amakwera mpaka madigiri oposa 60, pamene ku London satuluka n'komwe.

Inu ana anga akale amene muli ku University of Malawi, ku MUBAS, ku Mzuzu kapena kuno pafupi ku MUST ku Ndata, afunseni aphunzitsi anu za njira zolowera m'maphunziro amenewa, ndipo mudzandiuze zimene mwapeza.